Mwana wa achemwali anga akufuna ntchito yojambula zithunzi za m'magazini, ndimuthandize bwanji?

MalumeWaLuchenza
Moni nonse. Ndabwera ndi nkhani ya kubanja, ndikufuna nzeru zanu. Mwana wa achemwali anga wakhoza bwino mayeso a Fomu 4. Bambo ake anatisiya kalekale, ndiye monga mwini mbumba zonse zili pa ine. Ife tinagwirizana kuti apite kukoleji ya aphunzitsi, koma mwini wake wakanitsitsa. Akuti akufuna kukhala mtolankhani wojambula zithunzi, makamaka za m'magazini, ndipo ndalama zomwe ndinasunga nditagulitsa nandolo ndi mbuzi ziwiri ndimugulire kamera yogwiritsidwapo kale ntchito. Tsiku lonse amangozungulira ndi kafoni kake, kujambula amayi ogulitsa nanazi, akabaza, njanji ya pasiteshoni pano. Sindinama, zithunzi zake zimagwira mtima. Koma kodi munthu angadyetse banja ndi zimenezi? Magazini enieniwo alipobe? Ngati alipo wina anaigwirapo ntchitoyi, chonde andiuze zoona zake, asandinyengerere.

NamasambaWaThyolo
Amalume, mwana apite ku uphunzitsi. Kamera adzagula yekha ndi malipiro ake.

KabazaWaChitakale
Malipiro ake ati, mayi? Pasiteji yathu pano tili ndi anyamata awiri omwe anamaliza kosi ya uphunzitsi, akupalasa njinga limodzi nafe podikira kuti boma liwalembe.

NamasambaWaThyolo
Akudikira, inde, koma tsiku lina adzalembedwa. Nanga wa kamera adikira ndani?

MadalaWaKamera
Amalume a ku Luchenza, funso lanu landikhudza. Ntchito imeneyi ndinaigwira zaka 24, pano ndinapuma, ndikulima kabichi ndi tomato kwathu kufupi ndi Bvumbwe. Mundilole ndifotokoze mofatsa, mwina mwanayo awerenga.

Sindinaiphunzire kusukulu. Ndinayamba ndili mnyamata wosesa mu situdiyo ina ku Limbe chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Ndinkasesa, kutunga madzi ndi kuyanika zithunzi pachingwe. Patapita chaka mwini situdiyo anandilowetsa m'chipinda chotsukira. Filimu yeniyeniyo timaitsegula mumdima wa ndiweyani, manja okha ndiwo amaona. Kababu kofiira kamayaka posindikiza papepala basi. Umaviika pepala loyera m'beseni la mankhwala, n'kumaligwedeza pang'onopang'ono, kenaka nkhope ya munthu imayamba kutulukira, maso kaye, kenaka mphuno. Tsiku loyamba kuona zimenezi thupi langa linachita tsembwe, ndipo ndinadziwa kuti kumunda sindibwerera msanga.

Mkonzi wa magazini ina ankabwera kudzatsukitsa mafilimu pamenepo. Ataona zithunzi zomwe ndinajambula pamsika wa Limbe ndi kamera yobwereka, anati ndikayambe Lolemba. Anandipatsa Pentax K1000, kamera yachitsulo yomwe imajambula ngakhale batire itatha, chifukwa batireyo ndi yoyezera kuwala kokha. Filimu imodzi inkatenga zithunzi 36. Akakutuma ku Nsanje kapena ku Muloza amakupatsa awiri, ndiye ulendo wonse uli ndi zithunzi 72, ndipo sudziwa chimene wajambula mpaka utabwerera ku Blantyre. N'chifukwa chake tinaphunzira kudikira. Umakhala pansi pa mtengo theka la tsiku mpaka anthu akuiwale.

Apa m'pamene magazini imasiyana ndi nyuzipepala. Nyuzi imafuna chithunzi chimodzi cha lero, mawa akulungira usipa. Magazini imatuluka kamodzi pamwezi ndipo imafuna nkhani yonse m'zithunzi 6 kapena 8: malo ake, nkhope, manja akugwira ntchito, chakudya cha masana, ulendo wobwerera kunyumba. Nkhani ya othyola tiyi ndinaijambula masiku anayi, ndikugona kumalaini kwa kapitawo wina.

GogoWaNdirande
Madala, mwandikumbutsa magazini ya Moni. Inayamba 1964 ija, bambo anga ankaigula mwezi ndi mwezi, ife ana tinkalimbirana zithunzi tisanadziwe n'kuwerenga komwe. Tikamaliza tinkamata masamba ake kukhoma.

KabazaWaChitakale
Nanga nthawi ya Kamuzu munkajambula momasuka?

MadalaWaKamera
Ayi achimwene. Kunali lamulo la 1968 lomwe linakhazikitsa Censorship Board, bungwe lounika ndi kuletsa zofalitsidwa, komanso mkonzi aliyense anali ndi mantha ake mumtima. Tinkajambula Ngwazi ikuyendera mbewu, mbumba ikuvina, chimanga chobiriwira. Mwana wotupa mimba ndi njala ukanamujambula, chithunzicho sichikanatuluka, ndipo ukanafunsidwa kuti wakutuma ndani. Mayi wovala thalauza kapena siketi yaifupi sankalowa m'magazini chifukwa cha lamulo la kavalidwe la 1973. Pamsonkhano, a Youth League ndi apayoniya ankayang'ana kumene kamera yako yaloza. Ndinkaopa, sindibisa. Ndinali ndi mkazi ndi ana atatu.

Othawa nkhondo a ku Mozambique atayamba kulowa mwaunyinji pa Muloza cha m'ma 1986 ndinawajambula, amayi atasenza mitolo, ana ali kumsana, ena opanda n'chikwanje chomwe. Zambiri mwa zithunzizo zinangokhala m'kabati. Zinthu zinayamba kumasuka kalata ya maepiskopi itawerengedwa pa 8 Malichi 1992, ndipo pa referendamu ya pa 14 Juni 1993 ndinajambula mizere ya anthu ovota kuyambira m'bandakucha popanda wondigwira phewa. Tsiku limenelo ndi limene ndinamva kuti ndine mtolankhani weniweni.

Za ndalama, Amalume, ndinene poyera. Malipiro ankatha mwezi usanafike pakati. Ana anga anaphunzira ndi ndalama za maukwati a Loweruka, osati za magazini.

LenziYaMulanje
Ine ndine mtsikana, ndikuigwira ntchitoyi panopa, ndiye ndiyankhe za lero. Ndinaphunzira utolankhani ku Malawi Institute of Journalism (MIJ) ku Blantyre. Magazini osindikiza papepala achepa kwambiri. The Lamp ndi Together a Montfort Media ku Balaka ndi ena mwa omwe anthu amawadziwa, ndipo nyuzipepala zikuluzikulu zili ndi ojambula awo ochepa, malo satseguka kawirikawiri. Ambiri a ife tilibe bwana mmodzi. Ndalama yanga yeniyeni imachokera ku maukwati, zinkhoswe, magiraduweshoni ndi mabungwe omwe amafuna zithunzi za m'malipoti awo. Nkhani zomwe mtima wanga umafuna, monga ya anthu odzala mkungudza kuphiri la Mulanje kapena ya onyamula katundu a alendo ku Likhubula, ndimazijambula ndi ndalama zanga, kenaka n'kumayenda nazo kufunafuna woti azigule.

Zipangizo zonse timagula ndi madola. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, lenzi yomwe ndinkasungira ndalama inandithawa kutsogolo. Ndiye kamera si zonse, pafunikanso laputopu, mabatire, memori khadi, bandulo, ndi thiransipoti. Ndalama ya nandolo ndi mbuzi ziwiri ithera pa kamera yokha, mwanayo n'kukhala nayo m'nyumba.

Koma sindikumuletsa. Ndimalipira lendi ndekha, ndimaphunzitsa mng'ono wanga.

MayiWaMuloza
Pepani, ine mawu anga akhala owawa. Anthu a makamera sindimawafuna. Namondwe wa Freddy atatigwera mu Malichi 2023, madzi ndi miyala zitatsika kuphiri, mlamu wanga tinamufunafuna masiku awiri. Mukudziwa kumene ndinamupeza? Pa WhatsApp. Wina anajambula thupi lake lili m'matope, zovala zitang'ambika, n'kulitumiza m'magulu. Mkazi wake anaona chithunzicho asanauzidwe ndi munthu aliyense. Kwathu maliro amanenedwa ndi akuluakulu, mwaulemu, munthu atamukhazika pansi. Kukampu nako ankabwera ndi magalimoto, kutijambula tili pamzere wa ufa, n'kumapita osatipatsa n'moni womwe. Amalume, ngati mwana wanu akufuna kukhala ngati amenewo, mbuzi zanu zisungeni.

LenziYaMulanje
Mayi, pepani kwambiri. Zimene anakuchitirani n'zoipa ndipo palibe mtolankhani wophunzira angaziikire kumbuyo. Ambiri omwe ankamwaza zithunzi za mitembo anali anthu wamba a mafoni. Koma za pamzere wa ufa sindingakane, ena anali anzathu.

KabazaWaChitakale
Komabe mayi, popanda zithunzi zija thandizo likanabwera? Misewu inali itaduka, milatho itapita. Anthu a ku Lilongwe ndi a kunja anakhulupirira ataona ndi maso.

MayiWaMuloza
Akanajambula mlatho, nyumba zogumuka, miyala ija ikuluikulu ngati galimoto. Mlamu wanga si chikwangwani chopemphera ufa.

MphunzitsiWaChisitu
Mkangano umenewu ndi wakale pantchitoyi. Mu Malichi 1993 wojambula wa ku South Africa, Kevin Carter, anajambula mwana wofooka ndi njala kummwera kwa Sudan, atagwa chafufumimba, muimba utatera kumbuyo kwake. The New York Times itachisindikiza, anthu ambiri analembera nyuziyo kufunsa kuti mwanayo zinamuthera bwanji, ena n'kumadzudzula wojambulayo kuti bwanji sanamunyamule. Carter analandira mphoto ya Pulitzer mu 1994, ndipo mu Julayi chaka chomwecho anadzipha ali ndi zaka 33. Anali ndi mavuto enanso, ngongole komanso zoopsa zimene anaona pa ziwawa za kwawo. Patapita zaka zambiri m'pamene zinadziwika kuti mwana uja anali mnyamata ndipo njala ija anaipulumuka. Dziko lonse linaona thupi lake, koma kwa zaka zonsezo silinkadziwa dzina lake, ngakhale zoti ndi mwamuna. Ine ndili mbali ya Mayi a ku Muloza pa mtembo, ndili mbali ya achimwene a kabaza pa zoti tsoka liyenera kuoneka. Mwana wa Amalume adziwiretu kuti ntchitoyi imadwalitsa mumtima.

MadalaWaKamera
Mayi a ku Muloza, ndawerenga mawu anu katatu. Ndili ndi mlandu wanga womwe sindinauuzepo anthu ambiri.

Napolo atatsika m'phiri la Michesi mu Malichi 1991, nthawi imeneyo Phalombe ili mbali ya boma la Mulanje, ananditumiza. Galimoto inatisiya patali, kotsalako tinayenda wapansi m'matope ofika m'mawondo. Pamalo pomwe panali mudzi panali miyala ndi mchenga basi. Ndinapeza mayi wina atakhala pamwala, atagwira kapu ya pulasitiki ya mwana, osalira, akungoyang'ana pansi. Ndinamujambula katatu. Sindinamupatse moni, sindinafunse dzina lake, sindinafunse kuti kapuyo ndi ya ndani. Ndinkaganiza za kuwala kwa dzuwa ndi zithunzi zomwe zatsala mufilimu. Chithunzicho chinadzaza tsamba lonse, pansi pake tinangolemba kuti mayi wina wa ku Phalombe. Kuofesi anandiyamikira. Koma kufikira lero ndikagona ndimamuona, ndipo sindingathe ngakhale kumutchula dzina m'pemphero.

Kuyambira pamenepo ndinkayenda ndi kope. Ndikafika m'mudzi ndimayamba kwa amfumu. Munthu aliyense ndimamufunsa dzina, mudzi, ndi ngati akulola. Akakana, kamera imabwerera m'chikwama. Nkhope ya womwalira sindinaijambulenso.

NamasambaWaThyolo
Madala, mwanena za dzina, mwandikhudza pabala. Mayi anga anathyola tiyi zaka zambiri. Tsiku lina kunabwera mzungu ndi kamera, anawauza kuti amwetulire dengu lili kumsana. Patapita zaka tinaona nkhope yawo pa kalendala mu ofesi ina ku Blantyre, kumbuyo kuli phiri, pansi palembedwa za kukongola kwa Malawi. Dzina lawo palibe, tambala sanalandire, ngakhale kalendala imodzi sanawapatse. Zala zawo zong'ambika ndi msana womwe unkawapweteka usiku sizinaoneke. Ndinachita kupempha mlonda kuti chaka chikatha andisungire tsambalo. Ndi chithunzi chokhacho cha mayi anga chomwe ndili nacho.

WaKuJoni
Ndili ku Johannesburg koma kwathu ndi kwa Chimaliro. Mwanayo mumuuze za Peter Magubane, wojambula wa kuno ku South Africa. Anabadwa 1932, anakulira ku Sophiatown, ndipo ku magazini ya Drum analowa ngati dalaivala ndi mesenjala, ngati mmene Madala analowera posesa. Anaphunzira kwa Jürgen Schadeberg, wojambula wa pa magaziniyo, mpaka anakhala wojambula wamkulu. Apolisi akaletsa makamera ankabisa yake mu buledi woboola pakati, n'kumaoneka ngati akudya, nthawi zina m'Baibulo. Mu 1969 anamangidwa, anakhala masiku 586 m'chitolokosi cha yekha, atatuluka anamuletsa kujambula kwa zaka 5. Anajambulabe ana asukulu a ku Soweto mu 1976, ndipo Nelson Mandela atatuluka m'ndende mu 1990 anamutenga kukhala womujambula. Anamwalira pa 1 Januwale 2024 ali ndi zaka 91. Chomwe ndikufuna kunena n'chakuti iye ankajambula anthu a kwawo, chinenero chawo ankachidziwa, maliro awo ankalira nawo. Tiyi wathu ndi phiri lathu zajambulidwa kwambiri ndi alendo. Mwana wa ku Luchenza akajambula mayi wa nanazi, mawa akumananso naye pamsika, sangamunamizire.

KabazaWaChitakale
Zoona. Ku Mulhako wa Alhomwe pa Chonde mwezi wa Okutobala makamera amadzaza, koma onse amaloza kunsanja kwa mabwana. Agogo ovina tchopa kumbuyo, amene anayenda wapansi kuchokera kutali, palibe amawafunsa dzina.

GogoWaNdirande
Chaka chatha ndinapitako, kalongonda anali atatha ndisanafike. Amene mukupita chaka chino mulawire.

NamasambaWaThyolo
Agogo, kalongonda wake akhale wophika bwino, wamadzi otaya kangapo. Wothamangira amaledzeretsa.

MalumeWaLuchenza
Abale, tibwerere kwa mwana uja, kalongonda tidzadya Okutobala. A Madala, zithunzi zanu zonse za zaka 24 zili kuti? Mwanayo ali pambali panga pano, akuti akufuna kuziona.

MadalaWaKamera
Amalume, pamenepo ndiye pali chilonda chachikulu. Makamera a digito atabwera, otsatsa malonda atachepa, magazini yathu inayamba kudumpha miyezi, kenaka inatsekedwa. Manegetivu, mafilimu otsuka omwe timasindikizira zithunzi, ankasungidwa kuofesi chifukwa ankati ndi katundu wa kampani, ndipo ine sindinasainepo pepala lililonse lonena za umwini. Nditapita patatha miyezi ingapo kukafunsa, ndinapeza nyumbayo alowamo ena. Makatoni anawatulutsa n'kuwasiya pakhonde dzinja lonse. Nditatsegula, manegetivu anali atamatana, akununkha nkhungu, ukakoka chithunzi chimasendeka ngati khungu. Othawa nkhondo a pa Muloza, mizere ya referendamu, sitima ya pa Luchenza yodzaza anthu ndi nthochi, misika yomwe pano inasintha, zonse zinathera pakhonde paja. Ndinakhala pansi pomwepo, mlonda anachita kundidzutsa.

Chomwe chinatsala ndi chitini chimodzi cha mabisiketi. Muli manegetivu omwe mkonzi anawakana ine n'kupita nawo kunyumba. Ambiri ndi a ku Phalombe 1991.

MphunzitsiWaChisitu
Zimenezi zinamuchitikiranso Sam Nzima, amene anajambula Hector Pieterson, mwana wasukulu wowomberedwa ndi apolisi, atanyamulidwa ku Soweto pa 16 Juni 1976. Chithunzi chinazungulira dziko lonse, koma iye apolisi anamusautsa mpaka anasiya ntchito n'kubwerera kumudzi, ndipo umwini wa chithunzi chake anaupeza mu 1998, patatha zaka 22. Kuno tili ndi lamulo la 2016 loteteza ntchito za aluso, zithunzi zili momwemo, ndipo bungwe loona za umwini wa ntchitozi la COSOMA ndi limene limayang'anira. Mwanayo asadzapereke chithunzi popanda kulemberana.

LenziYaMulanje
Lero mvula yathu ndi Facebook. Chithunzi changa cha mpikisano wa onyamula katundu kuphiri tsamba lina linachitenga, kudula dzina langa, kuikapo chizindikiro chawo. Nditadandaula anati ndizithokoza kuti anditchukitsa. Ndiye ndimasunga zonse pamalo awiri, pa hadi diraivi ndi pa intaneti, chilichonse ndi tsiku, malo ndi maina.

Chinanso achidziwe ndi chipondamthengo. Ukapita kumsonkhano wa bungwe kapena wa andale amakupatsa envulopu ati ya thiransipoti. Ukakhala ndi njala umalandira, ndipo mawa lake kamera yako singalozenso kumene iwo sakufuna. Ine zinanditengera nthawi kuti ndiphunzire kukana, ndipo maukwati ndi amene amandipatsa mphamvu yokanira.

Amalume, maganizo anga ndi awa. Kamera musagule kaye. Foni yomwe ali nayo ikwanira kuphunzirira. Asankhe nkhani imodzi ya pa Luchenza pomwepo, aitsatire mwezi wathunthu, atulutse zithunzi 8 zokhala ndi maina ndi mawu a pansi pake. Loweruka azindinyamulira chikwama kumaukwati, ndizimupatsa kangachepe, aone ntchito mmene imakhalira. Ikafika nthawi ya sukulu, utolankhani amaphunzitsa ku MIJ ndi ku yunivesite ya MUBAS.

NamasambaWaThyolo
Zonsezo ndamva, koma fomu ya uphunzitsi alembe ndithu. Kulemba fomu sikuletsa kujambula.

MalumeWaLuchenza
Mayi, fomuyo alemba, tagwirizana ndi amayi ake usiku uno. Ndalama ndizisunga mpaka mwezi womwe anena achemwali a Lenzi uthe. Iye wasankha kale nkhani, akuti amayi a nanazi, kuyambira kumunda mpaka pamsewu.

MwanaWaMichesi
Ndakhala ndikungowerenga, sindimalemba kawirikawiri. A Madala, ine ndinali ndi zaka 6 nthawi ya napolo. Nyumba yathu inapita ndi zonse, tinataya agogo ndi mlongo wanga wamng'ono, ndipo palibe chithunzi chilichonse cha mudzi wathu chomwe chinatsala. Mayi anga adakali moyo, maso awo akuonabe bwino, ndipo anthu a m'dera lija ankawadziwa pafupifupi onse. Mungalole kuti tione za m'chitinimo? Sindikulonjeza kuti mayi wa kapu uja amudziwa, koma ena angawazindikire.

MayiWaMuloza
Ngati mukaonetse amayiwo, muyambe mwawafunsa ngati akufuna. Ndipo zisalowe pagulu pano eni ake asanalole.

LenziYaMulanje
Ndikuvomereza, mayi. Ndili ndi mnzanga ku Blantyre amene ali ndi sikana ya manegetivu, ndikabwereka. Tikazisindikiza papepala, osati kutumizirana pafoni.

MadalaWaKamera
Bwerani Loweruka likudzali m'mawa, Lenzi ngati mulibe ukwati. Mutsikire pamsika wa Bvumbwe, mdzukulu wanga adzakuchingamirani. A MwanaWaMichesi, kafunseni kaye amayi monga anenera Mayi a ku Muloza, akalola tidzapita ife kwawo, iwo asavutike ndi ulendo. Amalume, mwanayo abwere ndi kope latsopano ndi zolembera ziwiri. Manegetivu agwidwa m'mbali, osati pakati, ndipo asambe m'manja asanatsegule chitini.